Ena mwa Ife

Lolemba
Andisankha kukhala wosungitsa mwambo m'gulu lathu la mafunso. Palibenso wina anafuna. Chuma cha gululi: aphunzitsi a sukulu zozungulira Chiringa, kompyuta imodzi yamphatso, ndi batire la galimoto la a Jafali a pagolosale. Aliyense amalemba mafunso a Sitandade 8, aliyense amakonza, aliyense amakopera pa disiketi, ulere. Vuto ndi a Makwinja. Amafufuta funso la mnzawo n'kulemba pamalopo ndi zilembo zikuluzikulu: MWANA WA SITANDADE 2 ANGAFUNSE BWINO. Kutayipa konseko ndi chala chimodzi! Mayeso a moko ali pafupi, ndipo anthu akuti izi zikapitirira gulu litha.

Lachiwiri
Ndalemba malamulo:
Osafufuta za mnzako usanamufunse.
Osanyoza.
Osadyera mtedza pa kiyibodi.
Wolakwa akhale sabata osakhudza kompyuta.
Okongola zedi. Koma a Makwinja ndiwo anandiphunzitsa kugwira pensulo ku Nazombe. Ndikuwaonabe: njinga yakuda, thalauza lomanga ndi mphira pamwendo, choko mpaka m'nsidze. Gululinso analiyambitsa ndi iwo, kompyuta kulibe, tikukopera mafunso pa kaboni, pepala lapansi losawerengeka, tikuseka mpaka njala. Munthu wotere n'kumuloza chala? Ndidzangoti "ena mwa ife." Mwiniwake adzadzimva.

Lachitatu
Msonkhano. Ndikuyankhula maso ali ku malata. Ena mwa ife akufufuta. Ena mwa ife akunyoza. Ena mwa ife adzifunse. Woyamba kuomba m'manja: a Makwinja. "Auze, mwana wanga. Matipatewa awononga anthu." Ena onse akungoyang'anana. Ndikuganiza kuti zayenda bwino.

Lachinayi
Sizinayende bwino. Mayi Chirwa, a ku Rumphi aja, mwini mafunso onse a sayansi, atumiza uthenga kuti atuluka. Akuti nthawi ina anakonza samu yanga osandifunsa, ndipo sadikira kuimbidwa nyimbo kachiwiri. Ndapalasa m'chiperoni mpaka kwawo kukawauza kuti si iwo. "Ngati si ine, ndani? Kwathu timatchula dzina." Ndikuyang'ana phiri la Michesi ngati ndaliona lero. Akuyambitsa gulu lawo ku Jenala. Atsikana awiri a ku koleji ya uphunzitsi awatsatira: wina anasekapo funso la mnzake, winayo sakudziwa chomwe analakwa koma akuti chilipo.

Lachisanu
A Jafali, potuluka ku mzikiti, abwera kudzatenga batire lawo. Mtedza! Ndinaiwala kuti amadya mtedza ndi iwo, ndipo amatigawira tonse. Lamulolo ndinangoliika kuti a Makwinja asaone ngati onse ndi awo. Kompyuta yazima, mafunso ali m'kati. A Makwinja akundigwira paphewa: "Waona? Olakwa akudzichotsa okha."

Loweruka
Lero ndinena. Pa njinga ndikuyeserera: Bambo, ndinu. Bambo, ndinuyo. Ndauza mbuzi, ndauza chulu, zonse zavomera. Ku Nazombe a Makwinja andipatsa mpando wa alendo, iwo akhala pa mtondo. Akazi awo abweretsa kalongonda wotentha, nyemba zathu za kuno, wofanana ndi uja ankandipatsa ndikabwera nditanyamula makope a kalasi pamutu. Bambo akuwakumbutsa momwe ndinkaopera kupempha kupita panja mpaka kabudula ankandinenera. Taseka. Kenako ndatsokomola, ndayamba: "Bambo, ena mwa ife..."
"Ndikudziwa. Usamaope kuwatchula."
Ndamaliza kalongonda. Ndathokoza. Mbuzi ija ndaipeza pomwepo, sindinaiyang'ane.

Lamulungu
Kompyuta taifundika chitenje. Malamulo ali pakhoma, ndipo chichokereni batire palibe waphwanya ngakhale limodzi. Mamembala otsala: a Makwinja ndi ine. Titaweruka kutchalitchi afika ndi mapepala a kaboni omwe anasunga m'Baibulo, akuti ana sangalembe moko opanda mafunso. Fungo lake lomwe lija! Takhala pa desiki imodzi ngati kale. Ndalemba funso loyamba mosamala, ndawapatsa. Awerenga, apukusa mutu, atulutsa cholembera chofiira.
"Mwana wa Sitandade 2..."
Ndatenga pepala lina.