Tsiku Limene Magetsi Anagonjetsa Madzi

Pali nkhani imene ndakhala ndikumubisira mwana wanga Tadala kwa milungu itatu, ndipo bambo ake nawonso sakuidziwa. Si netiweki imene inamuluzitsa Chithaphwi. Ndine.

Chithaphwi ndi kachilombo ka m'gemu ya pafoni, ija ana amamenyanitsa tizilombo. Kalikonse kali ndi mphamvu yake: ka madzi kamazimitsa ka moto, ka moto kamatentha ka udzu, choncho basi. Tadala anakalera kake ka madzi, Chithaphwi ameneyu, miyezi itatu, kukadyetsa, kukaphunzitsa ndewu (akanati azisamala yunifolomu chonchi, bwenzi ine nditanenepa).

Loweruka lina masana anapangana mpikisano ndi msuweni wake Yamikani, Yamikaniyo ali kwawo ku Sunnyside, ife kwathu ku Kanjedza. Pangano linali loti kachilombo kamene kagwe, wopambana atenga. Mayi ake a Yamikani ndi alamu anga, aja mwana wawo akangoyetsemula amalengeza pagulu la banja la pafoni.

Ndewu ili mkati, mvula inayamba kuwaza.

"Tadala, zovala pachingwe."

"Mami, ndili pankhondo."

"Nkhondoyo ndi imene uvale mawa kutchalitchi?"

Anandipatsira foni ngati akundisiyira khanda. "Yamikani akatulutsa ka magetsi, mudine ka dothi aka. Dothi, mami. Chithaphwi musamukhudze."

Atangotuluka, ka magetsi kaja kanatulukiradi, kachikasu, kakunyada ngati alamu. Nthawi yomweyo firiji inasiya kulira, wailesi zii. Magetsi athima.

Tsono inu a mu Blantyre muno ganizani nane. Chikulireni changa ku Mbayani, sindinaonepo magetsi atalimbana ndi mvula n'kupambana. Mtambo ukangotsokomola, iwo aliyatsa liwiro. Umboni unali m'nyumba momwemo. Ndiye ine, mayi wa satifiketi ya kukoleji (ili m'felemu pabalaza, aliyense wolowa amaiona), ndimvere mwana wa Sitandade 3 n'kutumiza dothi? Dothi limene mvula yomweyo imakokolola chaka chilichonse? Ndinadina Chithaphwi, m'maganizo ndikulemba kale uthenga wopepesa alamu.

Kung'anima kamodzi kokha, Chithaphwi gada, miyendo m'mwamba. Zikuoneka kuti amene anapanga gemuyi amakhala kudziko kumene magetsi saopa kunyowa.

Tadala analowa atasenza zovala, anayang'ana foni, kenako ine.

"Mwadina chani?"

"Sindinadine kanthu, mwanangu. Magetsi atathima netiweki inayamba kuzungulira, kenako yasankha yokha."

Analira mpaka kukana tiyi. Alamu sanachedwe: "Pepani a ku Kanjedza, mutumizeni Tadala adzaphunzire kuno." Lolemba bambo ake anapita ku Limbe kukagula layini ya kampani ina, ndipo anabwera akudzitama kuti apitanso kukampani yathu yakale ija, ndipo mtsikana wa pakauntala amuuza mawu osaiwalika. Ine ndinawayamikira kuti ndi bambo woteteza banja.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti masiku ano kukangochita mitambo, Tadala amayimitsa gemu n'kundibweretsera foni.

"Sungani mami. Netiweki sindiikhulupiriranso, ndimadalira inu nokha."

Ndimailandira ndi manja awiri, osamuyang'ana kumaso.

Pa nkhani ya madzi ndi magetsi sindinasinthe maganizo, yolakwa ndi gemuyo. Koma pa zinazi, amayi anzanga, tandiuzani: ndinachita bwino kunamizira netiweki? Pajatu iyo inazolowera kale kutukwanidwa, pamene ine mwana ndili naye mmodzi yekhayu.