Chitini cha ku Bunda

Lolemba

Mwezi wachinayi chichokereni ku Zomba. Kuja ukatsegula chitseko phiri limakupatsa moni. Kuno moni ndi wa thirakitala ndi fumbi lofiira. Dziko lathyathyathya ngati lichero.

Lero bwana, a Nyirenda, alengeza mu ofesi: Loweruka akukakwera phiri la Bunda ndi anzawo. M'galimoto mwatsala malo amodzi, a munthu wonyamula mankhwala a pangozi. Mkono wanga m'mwamba ndisanaganize n'komwe. Chisale wa pa taipi nayenso wakweza, mochedwa. Bwana akuti bokosi la mankhwalalo lichepe, lilowe pansi pa mpando, adzaliona okha Loweruka m'mawa. Likakhala losakwanira, malo ndi a Chisale.

Ndine mesenjala, inde, koma za mabala ndidawerenga ndekha m'kabuku, kawiri. Chisale akaona magazi a nkhuku amatembenuka.

Wandimwetulira potuluka. Kumwetulira kumeneko sindikukukonda.

Lachiwiri

Pa njinga ya ofesi mpaka Area 2. Ndapeza chitini cha mabisiketi, chivindikiro cholimba. M'kati:

bandeji ziwiri
pulasitala
thonje
ayodini
asipirini
kwinini
sizasi
mapini anayi

Chatsekeka bwinobwino, osagwedera. Ntchito yotere sukulu saphunzitsa.

Ndachiika pamwamba pa kabati. Ndauza akazi anga, make Esinati, kuti asauze munthu. Ati eya, maso ali pa masamba amene akusadzula. Eya wopepuka kwambiri.

Lachitatu

Ndadziwa ine! Asipirini watsala theka, pulasitala wadulidwa.

Make Esinati akuti a Nabanda a nyumba yoyandikana anabwera mutu ukuwang'amba, chipatala kutali, basi sibwera kuno kunyumba zatsopano. Ndafunsa: anadziwa bwanji kuti muno muli mankhwala? Akuti pa mpopi nkhani zimangotuluka zokha.

A Nabanda ndakumana nawo panjira, akuseka ndi mano onse. Zikomo ayi. Ndikudziwa, mankhwala sathokoza, ukathokoza sagwira ntchito. Koma mwambo umenewu anauyambitsa ndi munthu wopempha, osati mwini chitini.

Funso: mlamu wa a Nabanda si uja amadya nkhomaliro ndi Chisale?

Lachinayi

Ndapita nacho kuntchito, m'jumbo, m'kati mwa nyuzipepala. Kulakwa.

Isanakwane teni koloko ofesi yonse ikunditchula adokotala. Wayambitsa ndani, ndikumudziwa. Abwera:

alonda, chithupsa
mayi wa tiyi, wapsa chala
dalaivala, malungo (kwinini yense!)
womanga wa nyumba ya pafupi, amene sindikumudziwa ngakhale dzina, msomali kuphazi

Ndayesa kukana. Dalaivala wandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mankhwala amamana?" Maso onse pa ine. Ndatsegula.

Aliyense akatenga akungotembenuka osathokoza, mwaulemu wake. Ndawerenga misana inayi.

Chisale sanapemphe kalikonse. N'chimene chikundikayikitsa kwambiri. Akungotaipa, akuimba kamluzu.

Lachisanu

Zotsala: bandeji imodzi, ayodini, thonje pang'ono, sizasi, mapini. Zikhoza kupitabe ngati bwana sayang'anitsitsa. Ndaika nyuzipepala pansi kuti zikwere.

Masana andituma ku Area 43, kunyumba kwa bwana, kukasiya failo. Chitini kukhwapa, sindisiyiranso munthu. Kumeneko nyumba zikuluzikulu, pakati pake tchire. Ndapeza bambo wotchetcha udzu atakhala pansi, chikwakwa chamutema pamsongolo, magazi chuu. Amayi a kwa bwana angoima, agwira nsalu yopukutira mbale.

Ndatsuka. Ayodini. Thonje lonse. Bandeji ndamanga monga muja kabuku kanenera, yakhala bwino zedi, ndinene ndekha. Amayi atenga botolo la ayodini, akuti azimupaka mawa ndi mkuja. Nditi chiyani?

Pobwerera ndaganiza: failo ija anandipatsira ndi Chisale. Koma chikwakwa sangachitume. Kapena angathe?

Sitolo zatsekedwa ndisanafike ku Old Town.

Loweruka

M'mamawa pa ofesi. Galimoto ikulira, mabwana onse avala zipewa. Chisale waima poteropo, nsapato za tenesi kuphazi. Anamuuza ndani kuti avale?

Bwana atsegula chitini pa boneti. Sizasi. Mapini anayi. Nyuzipepala. Afunsa pamaso pa anzawo ngati ndikufuna kukasoka phirilo.

Ndikadangoti pepani bwana. Koma ine sindidziwa kuzungulira. Ndatchula onse mmodzimmodzi, kuyambira a Nabanda, ndipo pomaliza: "Ayodini ali kunyumba kwanu, bwana. Anatenga akazi anu."

Anzawo aseka mpaka wina wagwira tayala. Bwana sanaseke. Atseka chitini pang'onopang'ono, andibwezera ndi manja awiri.

"Chisale, kwera."

Wakwera wopanda ngakhale pulasitala mmodzi. Ndaima mpaka fumbi latha.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimangoyang'ana anthu a mumpingo: chala chomanga apa, chipumi chopola apo. Mankhwala anga onse akuimba nyimbo.

Dalaivala wachira, ndiye wandiuza za ulendo. Akuti palibe anavulala, ngakhale kupunthwa. Chisale sanafike ndi pakati pomwe, wakhala pamwala kusunga zipewa, lero akulephera kutsika pabedi. Ndafunsitsa za chiwembu. Akuti Chisale sankafuna n'komwe kupita, anakweza mkono poopa bwana. Sindikukhulupirira kwenikweni.

Make Esinati atenga chitini, aikamo ulusi ndi mabatani. Sindinalimbane nawo.

Madzulo ndapita kuseri kwa nyumba zomalizira, kumene mathirakitala asiya chulu chachikulu. Ndakwera. Mapazi asanu ndi awiri, ndafika pansonga. Kummwera, kukakhala kopanda fumbi, Bunda amaoneka pang'ono.

Lero kuli fumbi.