Sebastiano Wosalapa wa ku Marka

Ku Marka kuno mukafunsa za munthu amene sadanenepo "ndikadadziwa", ngakhale mbuzi zikulozerani manda a Sebastiano. Tinkawatcha a Wosalapa, iwo n'kumavomera mokweza ngati dzina la ubatizo.

"Mukuti ndinong'oneze bondo? Bondo langa ndi logontha," ankatero.

Chaka china adaoloka malire kupita ku Mozambiki ndi ng'ombe yawo imodzi yokhayo, n'kubwerako akukankha njinga yamoto yopanda injini. Akazi awo, a Luisa, adagwira kumutu.

"Bambo, ng'ombe ija ndi imeneyi?"

"Nkhabe kudandaula, usade nkhawa mkazanga. Anzathu akulira ndi mtengo wa petulo, ife phee!"

Paukwati wa mphwawo adawapatsa maikolofoni, iwo poyamikira mkwatibwi n'kutchula dzina la chibwenzi chakale cha mkwati. "Onse awiri ndi ana abwino," adatero, n'kuyamba kuvina.

Koma nkhani yaikulu ndi ya chitseko. Shire atasefukira, madzi adatsekereza ana a Fanizo, mnansi wawo, pachulu. Bwato panalibe. A Sebastiano adazula chitseko chatsopano cha tchalitchi chathu, n'kugonapo chafufumimba, kupalasa ndi fosholo. Ana adapulumuka onse, koma chitseko chidatsikira ku Mozambiki chopanda pasipoti.

Madzi ataphwa, akatekisiti a Maliko adawaimika a Sebastiano pamaso pa mpingo.

"Mumadziwa tanthauzo la dzina lanuli? Wosalapa ndi munthu amene walakwa koma mtima uli gwa. Ingonenani pepani nkhani ithe, apo ayi m'kwaya musadzaimenso."

Kwayatu inali moyo wa a Sebastiano.

"Aphunzitsi, pepaniyo ndili naye, koma ndikamutulutsa ndinama m'nyumba ya Mulungu. Madzi akabweranso ndidzazula ndi mawindo omwe."

Azimayi adalulutira. A Maliko adabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka, ndipo nkhani idathera pompo.

A Sebastiano adagona pamphasa nyengo yokolola mapira, chaka chatha. Ataona kuti zavuta, a Luisa adawafunsa chapansipansi, "Moyo wonsewu, palibe n'chimodzi chomwe chimene mumadandaula nacho?"

"Chilipo," adayankha. "Ndidachedwa kukufunsira."

Lero munthu akagwa ndi njinga pamsika amangodzuka mwamanyazi, n'kusasa fumbi. Palibenso womukuwira kuti, "Mwachita bwino achimwene, mwatsika msanga kuposa anzanu!"