Chibauti cha belu mu ng'anjo yanga

Inu mumati munachitapo manyazi? Dikirani ndikuuzeni zanga, mwina mudzitonthoza.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kumwera kwa Mzimba, njira ya ku Embangweni. Ine wa ku Dowa, Chitumbuka changa chinali "yewo" basi. Tsiku lina ahedi athu, a Mhango, anandiuza kuti Lachinayi kukubwera a insipekita, Mayi Nyasulu, kudzaonera phunziro langa, ndipo lipoti lawo ndi limene linene ngati ndikuyenera kukhala mkulu wa aphunzitsi a sayansi. Mkazi wanga atangomva, analengeza kwa abale ake onse kuti bambo akukwezedwa. Ndiye mukuona, kubwerera m'mbuyo kunalibe.

Mutu wa sabata imeneyo unali kuyenga chitsulo kuchokera ku miyala. Pa bolodi ndi nkhani yosavuta: mu mwala wofiira uja chitsulo chimakhala chitagwirana ndi okosijeni, makala akamayaka mopanikizika amatulutsa mpweya umene umalanda okosijeniyo, chitsulo n'kutsala chokha. Munthu wanzeru akanajambula zimenezi ndi choko n'kukhala pansi. Koma ine, pofuna kugometsa, ndinati ayi, labu tilibe koma dothi la pachulu lilipo, ndiumba ng'anjo ngati ya makolo, chitsulo chituluke a insipekita akuona.

Ndinaumbadi kuseri kwa kalasi, ndinatola miyala yofiira m'mbali mwa msewu, mvukuto ndinabwereka kwa munthu wosula makasu. Mlonda wa pasukulu, adada Zgambo, anaizungulira ng'anjoyo kawiri akupukusa mutu. Iwo ankanditchula kuti asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi.

"Asambizgi, agogo athu ankapopa tsiku lathunthu, amuna ambiri kusinthana, mbwenu kutuluka kachitsulo ngati chibakera. Miyala yakenso ankaidziwa, si uliwonse wofiira. Inu mukufuna mapiriyodi awiri?"

"Adada, iyi ndi sayansi," ndinatero ine, chifuwa patsogolo.

Lachitatu tinayesa ndi ana anga a Fomu 4. Tinapopa, tinapopa, mpaka mikono kuchita dzanzi. Titaphwasula pakamwa pa ng'anjo, munatuluka chiyani? Miyala yanga yomwe ija, yangoda basi. Adada Zgambo anangofwenthera fodya wawo.

Apa ndi pamene Satana anandipeza. Lachinayi m'mamawa ndikudutsa pansi pa mtengo wa mango, ndinaona chibauti chachikulu cha dzimbiri, nati yake ili kunsonga, chili gone m'maudzu. Ndinati, ichi ndikachiponya m'kati chisungunuka, chikhala chibuluma, ndani adzadziwe kuti sichinachoke mu mwala? Ndipo tamverani uchitsiru wake: ine ndemwe ndinali nditalembetsa ana manotsi akuti moto wa makala susungunula chitsulo ngati phula. Koma mantha akakugwira, ngakhale manotsi ako omwe umawatsutsa. Ndinachikwirira pakati pa makala, miyala pamwamba, ndinamata pakamwa ndi dothi, moto n'kuyatsa.

Nthawi ya asembule inakwana, belu osalira. Belu lathu linali limu ya tayala la lole ya matabwa a ku Chikangawa, yopachikidwa mu mtengo wa mango uja. Ahedi anasonkhanitsa ana poomba m'manja, maso ali psuu.

"Ndani waba chibauti choimbira belu? Fomu 2, kalasi yanu ndi imene ili pafupi ndi mtengowu. Mutchetcha bwalo lonse la mpira mpaka chipezeke!"

Mayo ine! Ndinacheuka, utsi uli tolotolo kuseri kwa kalasi. Zaka zonsezi ndinkangomva belu likulira, sindinayang'anepo chimene amaliimbira. Ndiulule? Pamaso pa sukulu yonse? Ndinati ndithamange ndikachivuule, koma ndisanasunthe n'komwe galimoto ya a insipekita inali italowa kale pageti.

Chopweteka n'chakuti phunziro linayenda bwino kuposa masiku onse. Ana a Fomu 4 ankayankha ngati ndawadyetsa mabuku, adada Zgambo akupopa mvukuto thukuta lili kamukamu, Mayi Nyasulu akulemba uku akugwedeza mutu. Ine pakamwa pakuyankhula za okosijeni, mtima ukupemphera kuti Ambuye, mwasungunulapo zambiri, sungunulaninso ichi chokha.

Kenaka mayiwo anati, "Ahedi, zinthu ngati izi sizioneka kawirikawiri. Itanani sukulu yonse, ndi aja akutchetchawo abwere adzaone."

Anabweradi, zikwakwa zili m'manja, mayunifomu ali udzu wokhawokha. Ndinayesa kuzemba, ndinati Madamu, mwina tiisiye izizire mpaka mawa. Iwo anati, "Mawa ndili ku Mzimba boma, aphunzitsi. Tsegulani."

Ndinagumula dothi lija, ndinalowetsa fosholo, ndinakoka. Makala, phulusa, miyala, kenaka ngwee! Chibauti chija chinagubuduka mpaka pafupi ndi nsapato za a insipekita, chili psuu ndi moto, chathunthu, mutu wake wa makona sikisi, mizere yake yonse, ndi nati yomwe ili pomwepo. Sichinasungunuke ngakhale pang'ono, dzimbiri lokha ndi limene linayoyoka, mwakuti chinkaoneka bwino kuposa kale.

Mayi Nyasulu anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, n'kuwerama.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "ndayendera masukulu ambiri chomene. Koma miyala yobereka bauti ndi nati yake yomangamanga, ndaionera kuno."

Fomu 2 yonse inakuwa kamodzi, "Ndi cha beluuu!" Ana kugwa pansi ndi phwete, ena kuvina ndi zikwakwa m'mwamba. Ahedi anandiyang'ana, anayang'ana chibauti, anandiyang'ananso, pakamwa pali yasa. Ine ndinangoima ndi fosholo yanga ngati wokumba manda, ndipo kunena zoona manda ake anali anga. Adada Zgambo anaika mvukuto pansi n'kunena kuti, "Asambizgi, mwawaposa agogo athu. Iwo ankayamba asula kaye."

Udindo uja anapatsidwa mphunzitsi wa bayoloje. Kunyumba mkazi wanga anakhala masiku atatu akundiyankha ndi mphuno, ndipo abale ake akafunsa ankangoti boma likuchedwetsa makalata. Bwalo la mpira, mbali imene Fomu 2 inasiya, ndinamaliza ndine Loweruka, ana atakhala pamthunzi akundilangiza kagwiridwe ka chikwakwa. Ahedi anawonjeza kuti popeza ndimachikonda chibauticho, teremu yonse belu ndiziimba ndine.

Chiyambire tsiku limenelo ndinalumbira. Chitsulo ndimayengabe chaka chilichonse, koma ndi choko, pa bolodi, pamene chimatuluka bwinobwino popanda nati. Wina akadzandionanso ndikukanda dothi la pachulu, andimange ndithu, mutu udzakhala utasokonekera.