Asiyatu, Mayeso ndi Mpheta za mu Mpunga

Lolemba
Nkhani yabwino! Loweruka ku boma kuli mayeso osankha ana anzeru kwambiri, okhoza akaphunzira ulere kusukulu yogonera komweko. Ahedi akuti, "Aphunzitsi, konzani ana athu." Ndikuyambitsa kalasi yapadera, masana tikaweruka. Zofunika: choko, mapepala akale a mayeso, bata. Chofunika koposa: Asiyatu wa Sitandade 8, mtsikana amene amapeza yankho ine ndisanamalize kulemba funso.

Lachiwiri
Abwera: mwana wa ahedi, mwana wa mwini golosale, ana a anesi. Onse ovala nsapato. Wina akufunsa ngati kukhale tiyi. Asiyatu kulibe! Mnzake akuti ali kumunda, akulinda mpunga. Zoona, mpunga wayamba kucha dera lathu lonse la Liwaladzi, ndipo mpheta sizidziwa zoti kuli mayeso.

Lachitatu
Ndili kwa bambo ake. Andiyalira mkeka, ulemu wonse. "Aphunzitsi, mwana sitikumukaniza ayi. Koma mbalame zikatha mpunga, tidzadya satifiketi?" Iwo amakhala ali panyanja kupha nsomba, mayi ali ndi khanda. Ndikubwerera nditakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachinayi
Kalasi ikusamukira kumunda! Walira mvula walira matope. Nsapato ya mwana wa golosale yamira. Ana a anesi aona msundu, liwiro mpaka kumsewu. Mapepala anyowa. Asiyatu ali pansanja, akukoka chingwe cha zitini uku akuyankha masamu mokuwa. "Fote thuu! Haaa! Chokani apo!" Kaya akuuza ine kaya mbalame. Koma sakulakwa, mwana ameneyu!

Lachisanu
Makolo a ovala nsapato afika kwa ahedi. "Ana athu si abakha." Kalasi yapadera yathetsedwa. Bambo a Asiyatu ndakumana nawo akuchokera kumzikiti. "Mawa apite, palibe vuto. Koma munda usakhale wokha." Akundiyang'ana. Ndikucheuka. Kumbuyo kwangako kulibe munthu.

Loweruka
Asiyatu wakwera minibasi limodzi ndi anzake ndi ahedi, pensulo ili m'manja. Ine pansanja. Ine, mphunzitsi wamkulu wa masamu! Mpheta zilibe ulemu. Ndikakoka zitini, zikungosendera pang'ono. Ndikakuwa, zikuitana abale awo. Mayi wa munda woyandikana akufunsa, "Aphunzitsi, mukuzithamangitsa kapena mukuziphunzitsa?" Chingwe chaduka. Masana nsanja nayo yatopa nane. Matope mpaka m'makutu.

Lamulungu
Mawu atha, kutchalitchi ndimangoyasamula pakamwa anzanga akuimba. Msana ukuwawa. Kalasi yapadera yafa. Mpunga wa m'mbali mwa munda wapita. Bambo a Asiyatu auyang'ana nthawi yaitali. "Mwayesetsa, aphunzitsi. Koma ganyu sitingakupatseni."

Ahedi abwera ndi nkhani. Oyang'anira mayeso anachonga dzulo lomwelo, ndipo pa ana athu onse Asiyatu yekha ndiye wadutsa. Ndasangalala mpaka misozi, sindibisa. Mayi ake akululuta nthungululu, khanda ladzuka, nalonso likuthandiza.

Kenako ahedi akutsokomola. Akuti kwatsala mayeso a pakamwa, Loweruka likubwerali, ku boma komweko. Ndafunsa bambo ake kuti adula liti mpunga. Akuti sunache bwino.

Basi. Ndikupita kukabwereka chipewa.