Thirakitala Yopanda Manja

Lolemba

Paipi ya zonyansa yaphulikanso kumtunda kwa msewu wathu kuno ku Tafara. Madzi akuda akutsetsereka pang'onopang'ono kulunjika pachitsime cha Mayi Zuze, pomwe tonse tikutunga chiumireni mipopi. Kolera ili kale m'misewu ina.

Msonkhano pansi pa mtengo wa mapeyala. Tagwirizana kukumba ngalande kuti zonyansazo zipatukire kudambo. Bambo Zuze, a ku Tete aja, akuti mlamu wawo ali ndi thirakitala, atibwereka Loweruka. Chosowa ndi chida chomangirira kumbuyo kwake. Akasankhe ndani? Maso onse pa ine. Zaka makumi awiri ndinkayendetsa thirakitala pafamu ya fodya, lero ndimagulitsa tomato pakona. Ndavomera msanga kwambiri, mpaka mkazi wanga wandiyang'ana.

Ndalemba:
pulawo ya madisiki, yong'amba nthaka
buledi, yokankha dothi
sikupu, yotapa dothi n'kukalitaya
chobowolera maenje (sitikuchifuna, koma ndimachikonda)

Lachiwiri

Kombi, minibasi yakuno, mpaka m'tauni, kenako wapansi kupita ku Workington. Kuli yadi ina komwe zida za m'mafamu zangounjikidwa, udzu ukumera pakati pake. Mlonda wake ndi Bambo Phiri, tinkagwira ntchito famu imodzi. Akuti eni ake alola tibwereke chida chimodzi, poti palibe akugula.

Chimodzi chokha! Ndazungulira tsiku lonse. Pulawo imang'amba koma sinyamula. Buledi panthaka youma chonchi ingokanda pamwamba. Sikupu imafuna nthaka yofewetsedwa kale. Chilichonse ndikuchigwiragwira ngati munthu wosankha mbuzi pamsika. Sindinasankhe. Kunena zoona sindikufuna kumaliza msanga. Papita nthawi munthu asanandifunse chinthu chimene ndimachidziwa.

Lachitatu

Aliyense wasanduka katswiri. Abusa akufuna buledi, kuti tikamaliza isalazenso bwalo la tchalitchi. Mayi Zuze akufuna chobowolera, akuti tingoboola chitsime china kumtunda. Ndikuwauza kuti chimenecho chimangofika m'chiuno, n'chozikira mitengo ya mpanda. Sakukhulupirira. Dalaivala wa kombi akuti, "Mudhara," kutanthauza mdala, "ingotengani zonse."

Mkazi wanga sakutsutsa kanthu. Wangobwereka piki, iye ndi amayi ena atatu ayamba kukumba kumtunda. Ndawauza kuti akudzivutitsa, Loweruka makina amaliza zonsezo dzuwa lisanafike pamutu.

"Mutipeza," watero.

Lachinayi

Ndapita ku Mabvuku kukaiona thirakitala. Yofiira, matayala abwino, injini ikulira mokoma. Ndazungulira kumbuyo. Kulibe manja! Zitsulo ziwiri zonyamulira zida zija anazigulitsa chaka chatha, pampu yake nayonso. Kwatsala kachitsulo kokokera ngolo basi. Mwini wake akudabwa kuti ine ndikudabwa.

Ndiye:
pulawo, ayi
buledi, ayi
chobowolera, ayi

Masiku awiri ndikusankha, chonsecho thirakitala inasankha kale. Chotsala ndi sikupu yachikale yokoka ndi tcheni, ya zogwirira ziwiri kumbuyo. Lachiwiri ndinaidutsa osaiyang'ana n'komwe.

Madzulo mwana wamkazi wa a Zuze wayamba kutsegula m'mimba. Amunyamula pawilibala kupita kuchipatala. Palibe akutchula dzina la matendawo. Ine ndikuganiza za tsiku lija ndinathera m'yadi ndikusisita zitsulo.

Lachisanu

Sikupu tabwera nayo ine ndi abusa, pangolo yokankha. Lole ya mchenga yatithandiza theka la ulendo, theka linalo ndi miyendo. Abusa aleka kuyimba tisanatuluke m'tauni.

Dizilo kulibe paliponse, magalimoto akugona pamzere. Mwini thirakitala wapeza chigubu chimodzi kwa munthu wina wa kuseri. Ndanunkhiza. Palafini, ndipo pansi pake pakuoneka madzi. Ndikanayenera kunena. Ndangotseka chigubucho, poti ndikanena ndiye kuti mawa sindikwera.

Ngalande ya amayi yafika panyumba yachitatu.

Loweruka

Thirakitala yafika m'mawa, msewu wonse uli panja. Ndakwera. Manja akukumbukira okha, phazi nalonso. Kuchokera pakona kufika pageti la abusa ndili munthu wakale uja. Pomwepo yatsokomola kawiri n'kuzima, pakati penipeni pa msewu.

Palibe waseka. Bwenzi zili bwino akanaseka.

Tamasula tcheni. Amuna asanu ndi mmodzi, chingwe pamapewa, ine kumbuyo pazogwirira. Amayi akufewetsa ndi piki, ife tikutapa n'kukataya. Abusa ali kutsogolo, akupempha kuti tisakauze mpingo. Bambo anga ankagwira sikupu yotereyi kumbuyo kwa ng'ombe, ine ndinkawamvera chisoni ndili pampando wa thirakitala. Sindinkadziwa kuti imafuna luso. Ukakweza kwambiri imazika n'kukugwetsa, ukatsitsa imangotsetsereka yopanda kanthu. Yandigwetsa kawiri, kachitatu ndaidziwa.

Dzuwa likulowa, zonyansa zatembenuka kulowera kudambo.

Lamulungu

Msana wakana kupita kutchalitchi. Akuti abusa alalikira ali chikhalire.

Ngalande ndi yokhotakhota, pena yakuya pena ayi. Mvula yaikulu ikagwa tidzaibwereza. Paipi ikutulutsabe. Mwana wa a Zuze akadali kuchipatala, koma akuti m'mawa wamwa phala. Thirakitala ili pomwe inazimira, makombi akuilambalala, wina wayanikapo kale zofunda. Mwini wake akuti adzaitenga dizilo weniweni akapezeka.

Mkazi wanga wandithowa msana ndi madzi otentha. Za Lachitatu sanazitchule.

Masana kwabwera amuna awiri a msewu wakumunsi, nakonso paipi yaphulika. Akufuna kubwereka sikupu, ndipo amva kuti wodziwa zida ndine. Afunsa mwaulemu kuti imafuna thirakitala yamphamvu zingati.

Ndawauza: amuna asanu ndi mmodzi, ndi chingwe chosaduka.