Mnzanu Uja Wokonza Mawotchi

Malemu Mbah Sarjilah, gogo amene ankagulitsa jamu, mankhwala akumwa azitsamba, pakona pa msika wathu, sanauzepo munthu kuti wodwala ndi iyeyo. Aliyense wobwera ndi vuto la kuchipinda ankayamba chimodzimodzi: "Mbah, ndili ndi mnzanga." Gogoyo ankagwedeza mutu n'kuyamba kuchiritsa mnzakeyo. Mudzi wa nyumba zana unali ndi anzake odwala oposa mazana atatu, koma palibe amene anawaonapo nkhope.

Munthu akaiwala n'kunena kuti "ine", ankamudula: "Mukunena mnzanu." Wogulitsa nkhuku wina anabwera katatu mwezi umodzi, ulendo uliwonse ndi mnzake watsopano.

"Muwauze asiye fodya, onse atatu," anatero gogoyo, maso ali pa ndudu imene inali pakhutu pa mkuluyo.

Pak Wagiran (kuno bambo timati Pak, mayi timati Bu), wokonza njinga, anazungulira msika masiku anayi asanalimbe mtima. Anagula tsabola, anagula tsache, anagulanso tsabola. Kunyumba mkazi wake, Bu Tukiyem, anali atasamutsa pilo, ndipo anali atayamba zonena kuti akakhala kwa mchemwali wake ku mzinda wa Solo. Ankaganiza kuti bamboyo wapeza wina.

"Mbah, ndili ndi mnzanga."

"Wokonza njinga?"

"Ayi. Mawotchi."

"Ndiye wotchi yaima?"

"Mwezi wachisanu ndi chitatu uno."

"Amadzuka kangati kukataya madzi?"

"Kasanu."

"Mumamudziwa bwino mnzanuyu."

"Tinayandikana nyumba."

Gogoyo anamuthirira jamu wa jinja ndi bwemba m'chigoba cha kokonati. "Uyu ndi wa pakhosi chabe. Mnzanuyo apite kuchipatala akamuyeze shuga. Nanga mkazi wake amamuuza chiyani?"

"Amati watopa ndi ntchito."

"Miyezi yonseyi? Mawotchi ake amawanyamula pamutu?"

Wagiran asanameze, wina anatsokomola kumbuyo kwake. Anali Bu Tukiyem, dengu lili m'manja. Mayiyo sanamuyang'ane n'komwe.

"Mbah, ndili ndi mnzanga. Mwamuna wake sakumufunanso."

"Mwafika bwino. Awanso ali ndi mnzawo. Khalani pabenchipo mufotokozerane, ine ndikusinja chikasu."

Chikasu chimenecho chinasinjidwa ola lathunthu. Awiriwo anakhala moyang'ana khoma, ngati anthu odikira basi.

"Ndiye mnzanuyo alibe chibwenzi?"

"Chibwenzi achita nacho chiyani, Bu?"

"Mnzanuyo ndi chitsiru, Pak. Bwanji osangonena?"

"Ankachita manyazi."

"Mkazi wamuchapira makabudula zaka makumi atatu. Manyazi atsala pati?"

"Nayenso mnzanuyo sanafunse."

"Mnzanga musamunene. Walira mokwanira."

Kuchipatala anapezadi shuga. Pilo inabwerera kwawo, mchemwali wa ku Solo anakonza chipinda pachabe. Patapita miyezi gogoyo anafunsa za wokonza mawotchi uja, Bu Tukiyem anayankha msika wonse ukumva: "Wachira, Mbah. Muli ndi jamu woti azigonako?"

Lero pakona paja pali mtsikana wogulitsa zikwama za foni. Amuna amafikabe, amaima pang'ono, amafunsa mtengo, n'kumapita. Anthu a kuno tsopano amadwala m'dzina lawolawo, ndipo ambiri amangokhala chete.

Tsiku lomaliza limene Wagiran anamuona pamsika, gogoyo anali ataonda, mabotolo wabweretsa atatu okha. Gogoyo anadikira kuti ogula achoke.

"Wagiran, ndili ndi mnzanga. Adokotala amuuza kuti mpunga uli m'mundawu sadzaudya. Iye akuti sakuopa, koma akunama."

Wagiran anaika chigoba chake pabenchi.

"Mnzanuyo amakhala ndi ndani?"

"Yekha."

"Mumuuze kuti ine ndi Tukiyem tibwera. Tibweretsa mphasa zathu."

"Ndimuuza," anatero Mbah Sarjilah. "Koma amachita mkonono."